Kagalimoto kakang'ono mu Lusaka: ndi kati kangakutulutseni amoyo pa ngozi yaikulu?

Munthu akamafuna galimoto yake yoyamba muno mu Lusaka, mafunso amakhala omwewo: imamwa bwanji mafuta, zipangizo zake zimapezeka, nanga tsiku lodzaigulitsa ndidzapezapo kanthu? Onsewa ndi mafunso abwino. Koma lilipo lina limene silimveka kawirikawiri m'mayadi ogulitsa magalimoto, ndipo ndi limene landilembetsa nkhaniyi. Tsiku limene lole idzalowe mbali yanga pa Great North Road, kapena tayala lidzaphulike ndikutsetsereka ku Manenekera, kodi kagalimoto aka kadzandisiya ndi moyo, ine ndi amene ndawanyamula?

Ziwerengero za apolisi zikusonyeza kuti anthu pafupifupi 2,000, zaka zina kuposa pamenepo, amafa pa misewu ya Zambia chaka chilichonse. Sindikuuzani kuti mugule Land Cruiser, pakuti ambirife thumba lathu limathera pa Vitz, Fit, Demio, Passo kapena Axio. Chimene ndikufuna muone n'chakuti pakati pa timagalimoto timeneti pali kusiyana kwakukulu, ndipo kusiyanako sikuli kwenikweni pa dzina la kampani. Kuli pa chaka chimene galimotoyo inapangidwa, zida zimene anaiikira, ndi zimene yakumana nazo isanafike m'manja mwanu.

Zoyang'ana musanafunse mtengo

Choyamba ndi kulemera, ndipo apa palibe kunyengererana. Vitz imalemera pafupifupi tani imodzi, Hilux imafika matani awiri. Zikawombana maso ndi maso, yopepukayo ndi imene imabwezedwa m'mbuyo, ndipo kusintha kwa liwiro kumene matupi a anthu a mu Vitz amalandira kumawirikiza kawiri kwa a mu Hilux. Nyenyezi zimene galimoto imapatsidwa ikagunditsidwa dala pa mayeso a ngozi (zisanu ndiye pamwamba) sizifafaniza zimenezi, chifukwa mayeso a kutsogolo amaonetsa zimene zingachitike galimoto itawombana ndi inzake yolemera mofanana. Choncho nyenyezi muzizigwiritsa ntchito poyerekeza kakang'ono ndi kakang'ono kanzake.

Chachiwiri ndi kachipangizo koletsa galimoto kutaya msewu. Toyota imakatcha VSC, Honda VSA, Mazda DSC, Nissan VDC, koma ntchito yake ndi imodzi. Mukakhotetsa chiwongolero mwadzidzidzi pothawa dzenje, wanjinga kapena ng'ombe, kumbuyo kwa galimoto kumafuna kupita kwina. Kompyuta imazindikira zimenezi inu musanazindikire, n'kugwira buleki pa tayala limodzi lokha ndi kuchepetsa mphamvu ya injini mpaka mphuno ibwerere kumene mukulozetsa. Ngozi zambiri zogubuduzika zimayamba ndi kutaya kotereku. Kwa kagalimoto kopepuka, kamene sikangapambane pa kuwombana, chida chopewetsa ngozi ndi chamtengo kuposa china chilichonse. Ku Japan lamulo linakakamiza chida chimenechi pa mitundu yatsopano kuyambira Okutobala 2012, ndipo pa mitundu imene inali kale pa msika kuyambira Okutobala 2014. Kuti mudziwe ngati chilimo, tembenuzani kiyi osaliza injini: pa dashibodi payake kachithunzi ka galimoto yokhala ndi mizere iwiri yokhotakhota pansi pake, kenako kazime.

Chachitatu ndi malamba ndi ma airbag. Awiri a kutsogolo ali pafupifupi m'galimoto iliyonse yochokera ku Japan. A m'mbali ndi otsika kuchokera kudenga, oteteza mutu, sali mu iliyonse. Yang'anani zilembo zoti SRS m'mbali mwa mpando ndi pa nsanamira ya pakati pa zitseko. Izi n'zofunika kwambiri m'tauni muno, kumene magetsi akazima maroboti nawonso amazima, ndipo pa mphambano aliyense amadzipatsa yekha mpata. Kutsogolo kuli injini ndi boneti zolandira nkhonya, koma m'mbali muli chitseko chokha. Bungwe la WHO limanena kuti galimoto ikagundidwa m'mbali ndi inzake yothamanga makilomita 65 pa ola, mwa anthu 100 okhala m'katimo 85 angathe kufa. Onaninso mpando wa pakati kumbuyo: m'magalimoto ambiri akale lamba wake ndi wa m'chiuno chokha, amene pa ngozi amapinda munthu pakati n'kuvulaza matumbo ndi msana. Kuyambira Julayi 2012 magalimoto a ku Japan anayamba kubwera ndi lamba wodutsa paphewa pa mpando umenewu, komanso tizitsulo ta ISOFIX tokolekapo mpando wa mwana.

Chachinayi ndi mbiri. Bodi ya galimoto inapangidwa kuti ipindike kamodzi, m'malo osankhidwa, kuti chipinda chokhala anthu chisaphwanyike. Chitsulo chimene chinapindika, n'kuwongoledwa ndi moto, n'kupakidwa penti, chimaoneka chatsopano koma sichidzagwiranso ntchito ija. Pa pepala la okushoni la ku Japan, limene oyendera amalembapo mmene galimoto ilili isanagulitsidwe, chilembo R kapena RA chimatanthauza kuti galimotoyo inachitapo ngozi ndipo inakonzedwa. Pemphani pepala limeneli. Kuyendera kumene bungwe la boma loona za miyezo ya katundu la ZCSA limafuna galimoto isanakwere sitima kumaona ngati ili yoyenera kuyenda pa msewu, koma sikulowa m'malo mwa pepala la okushoni.

Mitengo ya magalimoto ochokera kunja imayenda ndi dola, choncho m'munsimu ndikuiika motsatana kuyambira wotsika. Kumbukirani kuti mtengo wa pa intaneti ndi chiyambi chabe. Pamwamba pake pali sitima mpaka Dar es Salaam, ejenti, ulendo wofika pa Nakonde, msonkho wa ZRA umene umatengera mtundu wa bodi, kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, makilomita ena pafupifupi 1,000 kufika ku Lusaka, ndi kulembetsa ku RTSA.

Njira yoyamba: timagalimoto ta 660cc, monga Alto, Mira ndi Wagon R

Mtengo. Ndi totsika kuposa tonse, pogula ndi pa msonkho pomwe. Mafuta timangonunkhiza.

Kupezeka. Pa intaneti tadzaza. M'mayadi a mu Lusaka tilipo koma osati ngati Vitz, ndipo magalasi, nyali ndi zitseko zake mungazifune masiku angapo.

Kusamalira. Injini yaing'ono chonchi imagwira ntchito molimbika tsiku lonse, ndiye oyilo asachedwe kusinthidwa. Matayala ake ndi aang'ono ndipo dzenje limodzi la nthawi ya mvula lingapinde limu.

Zoopsa. Lamulo la ku Japan silizilola kupitirira mamita 3.4 m'litali ndi mamita 1.48 m'lifupi, ndipo ma Alto ena safika n'komwe makilogalamu 700. Phewa lanu limakhala pafupi ndi chitseko, ndipo kuseri kwa mutu wa mwana wokhala kumbuyo kuli galasi basi. Kachipangizo koletsa kutaya msewu kanakakamizidwa pa timagalimoto tonse ta gulu ili mochedwa, mu Febuluwale 2018. Pa msewu wa ku Kabwe vuto lina ndi mphamvu: kupitirira lole yaitali kumatenga nthawi, ndipo nthawi yonseyo muli mbali ya eni ake. Tinapangidwira misewu ya m'tauni yoyenda pang'onopang'ono, ndipo ine sindingalangize munthu wa banja kupita nako ku Chipata.

Njira yachiwiri: Vitz, Passo, Demio, March ndi Fit zopangidwa chisanafike chaka cha 2012

Awa ndiwo magalimoto a Lusaka enieni. Ndi amene amadzaza Lumumba Road m'mawa, ndi amene amabwera mukaitana Yango.

Mtengo. Wotsika, makamaka za injini ya 1,000cc. Kugulitsanso sikuvuta chifukwa ofuna ntchito ya takisi amazisaka.

Kupezeka. Paliponse. Zipangizo za Vitz ndi Passo, zatsopano ndi zophwasula, mungazipeze tsiku lomwelo m'mashopu a m'tauni. Za Demio ndi March zimafuna kuyendako pang'ono.

Kusamalira. Makaniko aliyense amazidziwa. Chosamala kwambiri ndi giyabokosi ya CVT, mtundu wina wa giyabokosi yosintha yokha, imene ili m'ma Vitz ambiri a 2005 kupita m'tsogolo ndi m'ma Fit: imafuna oyilo wakewake, ndipo mukathira wa giyabokosi wamba mwaiyamba ulendo wakumanda. Pa msinkhu umenewu ma shock, mabushi ndi mapaipi a mabuleki amakhala atatopa, ndipo zimenezi si nkhani ya phokoso lokha. Galimoto ya ma shock akufa imadumphadumpha, tayala silimamatira pansi, ndipo imaima patali.

Zoopsa. Zambiri zilibe VSC, zili ndi ma airbag awiri okha, ndipo lamba wa pakati kumbuyo ndi wa m'chiuno. Koma pali mwayi umodzi umene ogula ambiri saudziwa. Kuyambira Ogasiti 2007 Toyota inaika ma airbag a m'mbali ndi a kudenga m'ma Vitz a ku Japan ngati zida za nthawi zonse, ndipo Vitz ya maonekedwe atsopano itatuluka kumapeto kwa 2010, anasanduka chinthu chochita kuwonjezera ndalama. Ndiye Vitz ya 2009 ingathe kukutetezani bwino m'mbali kuposa ya 2012 yotsika mtengo. Musakhulupirire chaka chokha, pitani mukaone zilembo za SRS pa mpando ndi pa nsanamira. Passo ndi yopepuka kuposa Vitz, ndipo mwa zonse za gulu ili ndi imene ndingaiike kumapeto pa ulendo wautali.

Pa gulu limeneli ndi pamenenso pagona nkhani ya ma airbag a Takata. Mankhwala ophulitsa airbag amene kampaniyi inkagwiritsa ntchito amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi zaka zikamapita, ndipo pa ngozi kachitini kake kangathe kung'ambika n'kumwaza tizidutswa ta chitsulo kumaso ndi pakhosi pa munthu. Magalimoto mamiliyoni ambiri padziko lonse anaitanidwa kuti akasinthidwe, kuphatikizapo ma Fit, Vitz, Corolla ndi Demio a zaka zina, ndipo kampaniyo inagwa mu 2017. Galimoto imene inachoka ku Japan isanasinthidwe ikuyendabe ndi airbag yomweyo pa dzuwa la Okutobala muno. Tengani nambala ya chasisi, muilowetse pa tsamba la kampani yopanga galimotoyo loona za magalimoto oitanidwa, kapena mufunse kwa dilala wovomerezeka wa mtunduwo. Musalole munthu akuuzeni kuti njira yake ndi kungoichotsa airbag.

Njira yachitatu: Vitz, Fit, Demio ndi Aqua zopangidwa kuyambira kumapeto kwa 2014

Mtengo. Wokwera ndithu kuposa gulu lapitali, mwina mungafunike kudikira miyezi ingapo mukusonkhanitsa. Mafuta zimamwa pang'ono kuposa zakale, ndipo pa zaka zitatu kapena zinayi zimenezi zimabweza gawo la ndalama zija.

Kupezeka. Poitanitsa kuchokera ku Japan zilipo zambiri ndipo mungasankhe ya giredi 4, kutanthauza yosamalika bwino, yokhala ndi pepala la okushoni losasonyeza ngozi. M'mayadi zikuchulukirachulukira. Zipangizo za injini sizivuta, koma nyali ndi mabampa a Demio ya maonekedwe a 2014 ndi okwera mtengo.

Kusamalira. Zimafuna makaniko amene ali ndi makina owerengera kompyuta ya galimoto, osati wongomvetsera ndi khutu. Aqua ndi ya haibulidi, yoyendera petulo ndi magetsi, ndipo ili ndi batire lalikulu limene limatopa ndi zaka, ndiye liyezedwe musanalipire, ndipo ndi yotsika pansi: m'misewu ya Kanyama kapena Chawama mu Januwale mudzavutika nayo. Fit ya haibulidi ya 2013 ndi 2014 inali ndi giyabokosi imene inaitanidwa kangapo ku Japan, choncho kwa munthu wosafuna mutu, Fit ya petulo yokha ndi yosavuta.

Zoopsa. Zikadali zopepuka, ndipo pamaso pa lole kapena basi ya ku Copperbelt palibe chasintha. Koma zonse zili ndi kachipangizo koletsa kutaya msewu, lamba wa paphewa pa mipando yonse, ISOFIX, ndi bodi ya chitsulo cholimba kuposa ya zaka khumi m'mbuyomo. Mazda 2, imene ndi Demio yomweyo pa dzina lina, inapeza nyenyezi zinayi pa chitetezo cha akuluakulu pa mayeso a bungwe loyesa chitetezo cha magalimoto la Global NCAP a magalimoto ogulitsidwa mu Africa mu 2021. Ma Vitz ena a 2015 kupita m'tsogolo ali ndi Toyota Safety Sense, yogwira yokha mabuleki mukayandikira galimoto ya patsogolo mosazindikira. Chosowa kawirikawiri m'gulu ili ndi ma airbag a kudenga, chifukwa ogula oyamba ku Japan ambiri sankawawonjezera. Mukapeza yokhala nawo, ndiyo muigwire, ngakhale mtundu wa penti usakusangalatseni.

Njira yachinayi: Corolla Axio kapena Fielder ya 2012 kupita m'tsogolo

Iyi si kagalimoto kakang'ono kwenikweni, koma ambiri amene akuganiza za Fit yatsopanoko amakhala atatsala pang'ono kuifikira, ndipo n'chifukwa chake ndaiika pano.

Mtengo. Wokwera kuposa Vitz ya chaka chomwecho, ndipo msonkho nawo umakwererako. Sigwa mtengo msanga.

Kupezeka. Ndi Corolla, palibe chovuta. Zipangizo zake zili ku Lusaka, ku Petauke ndi ku Chipata komwe.

Kusamalira. Injini ya 1,500cc ndi yodziwika ndi yopirira. Oyilo wa CVT akhale woyenera, monga ndanenera kale.

Zoopsa. Axio ndi Fielder za maonekedwe amene anatuluka mu 2012 zinabwera ndi VSC komanso ma airbag a m'mbali ndi a kudenga ngati zida za nthawi zonse. Pa magalimoto a mtengo umenewu zimenezi n'zosowa. Kulemera kwake kumangopitirira Vitz pang'ono, koma kumbuyo kuli buti kapena malo a katundu, ndipo mpata umenewo ndi umene umalandira nkhonya minibasi ikakugundani kumbuyo pa roboti. Musaisokoneze ndi Axio ya 2006 mpaka kumayambiriro kwa 2012, imene zambiri zake zilibe zida zimenezi. Chimodzimodzinso Allion ndi Premio, zimene timazikonda kwambiri muno chifukwa cha ulemu wake: ndi zazikuluko ndi zokhazikika pa msewu, koma zambiri za 2007 mpaka 2013 zilibe VSC ndipo zili ndi ma airbag awiri okha. Kuopsa kwina kwa gulu ili kuli mwa woyendetsa. Galimoto ikamayenda mwakachetechete phazi limalemera, ndipo 120 imamveka ngati 90.

Njira yachisanu: kagalimoto katsopano ka kwa dilala

Mtengo. Wokwera kuposa zonse zapitazi, ndipo ambiri amakagula pa ngongole ya ku banki kapena ya kuntchito.

Kupezeka. Mitundu ndi yochepa, yambiri yopangidwa ku India. Dziwani kuti Vitz yatsopano imene inayamba kugulitsidwa kuno kum'mwera kwa Africa mu 2023 si m'bale wa Vitz ya ku Japan ija. Ndi Suzuki Celerio yovala chizindikiro cha Toyota, monganso Starlet yatsopano ili Suzuki Baleno.

Kusamalira. Apa ndi pamene kamapambana. Kali ndi waranti, mbiri yake mukuidziwa kuyambira kilomita yoyamba, matayala ndi mabuleki n'zatsopano, ndipo palibe amene anaseweretsapo mawaya a airbag.

Zoopsa. Kukhala katsopano sikutanthauza kukhala kolimba. Kuyambira 2017 Global NCAP pamodzi ndi bungwe la oyendetsa magalimoto la AA la ku South Africa akhala akugunditsa magalimoto ogulitsidwa mu Africa pa liwiro la makilomita 64 pa ola, ndipo zotsatira zake zinasiyana kwambiri. Chery QQ3 sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi, Datsun Go+ inapeza imodzi, Polo Vivo zitatu, Etios zinayi. Renault Kwid inapeza ziwiri mu 2020. Suzuki S-Presso yogulitsidwa ku India inapeza ziro mu 2020, pamene ya ku South Africa yokhala ndi ma airbag awiri inapeza zitatu mu 2022. Dzina limodzi, zida zosiyana. Ndiye mukafika kwa dilala, funsani za galimoto yeniyeniyo imene ili patsogolo panu: ma airbag angati, kachipangizo koletsa kutaya msewu kalimo kapena ayi, ndipo zimenezo azilembe pa pepala la mtengo.

Njira yachisanu ndi chimodzi: kugula kwa munthu pano pa Lusaka

Mtengo. Ungathe kukhala wotsika kwambiri, mulibe za sitima ndi za pa Nakonde, ndipo mumakambirana maso ndi maso.

Kupezeka. Pa Facebook, m'magulu a WhatsApp, kwa mnzanu wa kuntchito amene akusamuka. Mungagule lero n'kuyendetsa mawa.

Kusamalira. Kumatengera mwini wake wakale. Galimoto imene yagwira ntchito ya takisi zaka zitatu yayenda mtunda woposa umene mita yake ikunena nthawi zambiri.

Zoopsa. Pano ndi pamene mtima wanga umagunda kwambiri, chifukwa apa ndi pamene munthu amagula ngozi ya mnzake osadziwa. Galimoto imene inshuwalansi inaitaya ingathe kugulidwa, kuwongoledwa, n'kubwerera pa msewu ikuwala. Airbag ndi yodula, ndiye ena amangotseka chivundikiro cha chiwongolero m'kati mulibe kanthu, n'kuzimitsa nyali yochenjeza kuti wogula asaone. Lamba nayenso ali ndi kachida kophulika kamodzi kokha, komukoka munthu kuti amamatire ku mpando pa nthawi ya ngozi, ndipo kakaphulika kayenera kusinthidwa. Poyesa, tembenuzani kiyi: nyali ya airbag iyake kwa masekondi angapo kenako izime yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, kapena ikakhala yoyakabe, musapitirize. Kokani lamba aliyense mwamphamvu muone ngati akugwira. Tukulani kapeti ya mu buti ndi malabala a m'zitseko mufufuze zowotcherera zosafanana ndi za ku fakitale. Onani ngati mipata ya boneti ndi zitseko ili yofanana mbali zonse, ndiponso ngati matayala akudyeka mbali imodzi. Tengani makaniko wanu, osati amene wogulitsa wakupezerani, ndipo muikweze pamwamba muone pansi pake. Wogulitsa woona mtima sakana zimenezi. Galimoto yabwino ya mwini mmodzi ilipo ndithu pa msika uno, koma imapezeka ndi munthu wosafulumira.

Musathere ndalama zonse pa galimoto

Kaya mwasankha iti, siyani ndalama za zinthu zitatu. Matayala ndiwo oyamba. Magalimoto ambiri amafika kuchokera ku Japan ndi matayala okalamba kapena a m'chipale chofewa, amene labala wake ndi wofewa ndipo sagwira bwino pa phula lotentha kapena lonyowa. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la zaka zoposa zisanu ndi chimodzi lisapite nanu ku Kulamba ngakhale mapazi ake akuoneka akuya. Chachiwiri ndi mpando wa mwana. Mayi womufukata mwana pamiyendo sangamugwire pa ngozi, ngakhale ya liwiro la m'tauni, chifukwa kanthawi kameneko mwanayo amakoka ngati katundu wa makilogalamu mazana angapo. WHO imati mipando imeneyi ingachepetse imfa za makanda ndi 71 peresenti. Chachitatu ndi inshuwalansi: ya third party imene lamulo limafuna imalipira anthu ena, galimoto yanu ayi.

Lamba salipiritsa kanthu, ndipo amachepetsa mwayi wa imfa mpaka ndi theka. Amange ndi akumbuyo omwe, apongozi ndi abusa omwe, pakuti munthu wosamanga kumbuyo amaponyedwa pa msana wa amene wakhala kutsogolo. Liwiro nalonso: mphamvu ya kugunda pa 120 si yowirikiza kawiri ya pa 60, ndi yowirikiza kanayi.

Ngozi ikachitika, zimitsani injini, ikani matrayango patali mbali zonse ziwiri, imbani 991 kwa apolisi kapena 983 ku RTSA. Wovulala amene akudandaula khosi kapena msana musamukoke manja pomutulutsa, pokhapokha pali moto kapena galimoto ina ingamugunde. Pamene pakutuluka magazi panikizani ndi chitenje choyera, ndipo musamupatse madzi kapena chakudya. Amene watuluka akuyenda yekha apitenso kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati lamba wasiya mzere pamimba kapena anakomokako pang'ono, chifukwa kukha magazi kwa m'kati kumabisala maola angapo. M'tauni muli UTH ndi Levy Mwanawasa. Pa Great East Road dziwiranitu kuti kuli chipatala ku Chongwe, St Luke's ku Mpanshya, ku Nyimba, ku Petauke ndi St Francis ku Katete, ndipo pakati pa zimenezi pali mitunda yaitali.

Ndiye ndani agule iti?

Ngati ulendo wanu ndi wochoka ku Chelstone kapena Kabwata kupita kuntchito m'tauni, muli nokha kapena awiri, ndipo kumudzi mumapita pa basi, ka 660cc ka 2018 kupita m'tsogolo kangakutumikireni. Mukapitirira geti ya Chongwe, Katuba kapena Shimabala kawirikawiri, kasiyeni.

Ngati ndalama zathera pa gulu lachiwiri ndipo simungadikire, funani Vitz ya 2008 mpaka 2010 yokhala ndi zilembo za SRS pa nsanamira, fufuzani za Takata ndi nambala ya chasisi, ikani matayala anayi atsopano, ndipo maulendo aatali muziyenda masana. Woyendetsa takisi, amene amakhala pa msewu maola khumi ndi awiri n'kudutsa mphambano mazana pa tsiku, ma airbag a m'mbali amenewa akuwafuna kuposa wina aliyense.

Ngati mumakhala ku Kafue, ku Chongwe kapena ku Chisamba n'kumagwira ntchito mu Lusaka, ndiye kuti tsiku lililonse muli pa msewu wa malole m'bandakucha ndi madzulo. Musatsike pansi pa gulu lachitatu. Kudikira miyezi ina kuti mufikire galimoto yokhala ndi VSC n'kwanzeru kuposa kuthamangira yotsika mtengo mwezi uno.

Ngati muli ndi ana ndipo kawiri kapena katatu pa chaka mumayenda makilomita pafupifupi 500 kapena kuposerapo kupita ku Katete kapena ku Chipata, pa maliro, pa Nc'wala, pa Khirisimasi, galimoto itadzaza anthu ndi matumba, ine ndingatenge Axio kapena Fielder ya 2012 kupita m'tsogolo, ngakhale itakhala ya makilomita ochulukirapo kuposa Fit ya mtengo womwewo, bola pepala lake la okushoni likhale loyera.

Ngati kuntchito akukupatsani ngongole ya galimoto yatsopano yokha, sankhani yokhala ndi kachipangizo koletsa kutaya msewu ndi ma airbag ochuluka pa mndandanda wawo, ngakhale zitanthauze kusiya wailesi ya sikirini yaikulu ndi malimu owala. Ndipo ngati mukugula kwa munthu pano pa Lusaka, tsiku lokaiona mupite ndi makaniko wanu ndi tochi, ndalama muzisiye kunyumba mpaka galimotoyo itakwezedwa n'kuonedwa pansi.